Magazi a Wodulidwa

Baltimore, 4 Seputembala 2018

Urie mwamuna wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ndi ana? Ng'ombe ya diso loyera ija inabereka? Kuno tadzuka, koma kudzuka kwake ndi kwa pachipatala.

Ndilembe zimene Dokotala Narang anena ndisanaiwale, chifukwa mayi ameneyu amayankhula ngati wina akumuthamangitsa. Akuti mafupa a Salome asiyiratu kupanga magazi. Amene akumuthira sabata ndi sabatawa sakhalitsa. Asilikali a m'thupi alibiretu, moti ngakhale kachifuwa wamba kakhoza kumutenga. Dzulo anangotsuka mano, m'kamwa monse magazi okhaokha. Mwana wa zaka 23, mphunzitsi wathunthu, uja ankanyamula ndowa ziwiri za mkaka uku akuimba, lero popita kubafa mpaka ndimugwirize!

Pali kafukufuku amene akuchita pachipatala pano. Amatenga mafuta a m'mafupa a m'bale wake wa wodwala n'kumuthira wodwalayo ngati magazi. M'mafutamo muli timbewu ta magazi, ndipo tikamera, mafupa amayambanso ntchito. Kale ankafuna m'bale wofanana naye ndendende. M'kafukufukuyu akuyesa ngakhale wofanana theka, n'kuwonjezera mankhwala ena pambuyo pake. Sanandibisire: ndi zoyesa, ena achira, ena ayi. Malo a Salome alipo. Chikusowa ndi wopereka.

Zotsatira za timitengo tija munapukutira m'masaya zabwera. Inu ayi, ine ayi, ana anayi onsewo ayi. Akuti magazi a Salome, chifukwa chothiridwa kambirimbiri, aphunzira kumenyana ndi athufe. Ndiye adokotala anayang'ana pepala lawo n'kundifunsa kuti, "Mayi Kanagy, apa munalemba kuti munabereka ana asanu ndi mmodzi. Ine ndawerenga asanu. Winayo anamwalira?"

Urie, tangoganizani. Zaka zisanu ndi chimodzi osatchula dzina la Iddo pamaso pa munthu, ndiye lituluke bwanji lero? Anayankha ndi Salome, nkhope ili kukhoma: "Sanamwalire. Ndi achimwene anga aakulu. Anadulidwa mumpingo."

Ndawapatsa keyala yake ya ku Ohio. Musandifunse kuti ndinaidziwa bwanji.

Koma Salome, mwana wanuyu, wakana kusaina chikalata chovomereza. Akuti pa ubatizo anagwada n'kulonjeza kusunga malamulo a mpingo, ndipo wodulidwa sitidya naye tebulo limodzi, sitikwera galimoto yake, sitilandira kanthu kuchokera m'manja mwake. "Ngati kapu ya madzi sindingalandire, Amayi, nanga mafuta a m'mafupa?" Makani amenewa mukudziwa kumene anawatengera. Sasaina mpaka atamva mawu a a Bishopu Yost. Ine sindingakudumpheni n'kuwalembera ndekha, anthu angati chiyani? Chonde pitani mukawafunse, ndipo mundiyankhe msanga. Adokotala akuti tsiku lililonse lopanda asilikali lili ngati kugona khomo lili pululu.

Munditumizirenso masokosi anga akuda. Kuno amaziziritsa dala m'zipinda, anthu ake sindikuwamvetsa.

Ndine mkazi wanu,
Fronie

Belleville, Pennsylvania, 11 Seputembala

Fronie,

Moni. Kalata yanu inafika Lachisanu. Tonse tili bwino. Ng'ombe inabereka yaikazi. Mvula inagwa Lamlungu ndi Lolemba. Chimanga chakhwima, ndipo Lachisanu likubwerali anansi abwera kudzatithandiza kudula ndi kudzaza nkhokwe ya chakudya cha ng'ombe. A Bishopu Yost adzakhalapo ndi akavalo awo. Ndidzayankhula nawo pomwepo.

Dzina lija mwalembali ndaliwerenga. Sindinenapo kanthu.

Sukulu inatsegulidwa. M'malo mwa Salome akuphunzitsa mwana wamkazi wa a Swarey. Belu amaliza mwaphuma, ngati kwapsa nyumba. Salome ankaliza katatu, n'kupuma, n'kuliza kamodzi. Lachinayi masana ndili m'munda wa kumtunda ndinamva belu likulira mwa Salome. Katatu, kupuma, kamodzi. Ndinaimitsa akavalo. Ana atabwera ndinawafunsa, akuti masana amenewo belu silinalizidwe n'komwe, chingwe chinaduka m'mawa. Kaya. Mwina ndi makutu, zaka zapita.

Akudya? Mundiuze ngati akudya. Masokosi ali m'phukusi.

Urie

Wooster, Ohio, 19 Seputembala

Amayi,

Moni. Kalata mungalandire, eti? Yadutsa m'manja mwa wapositi, ndiye sindine ndakupatsani. Malamulo ndikuwakumbukirabe, musaope.

Achipatala anandiimbira foni ndili padenga la munthu, nyundo ili m'manja. Ndinatsika n'kupita kukatengetsa magazi tsiku lomwelo. Dzulo andiimbiranso. Ndine wofanana theka, ndipo magazi a Salome samenyana ndi anga. Taonani zake! M'banja lonse la a Kanagy, chinthu chokhacho chimene sichinandikane ndi magazi a Salome.

Loweruka ndinabwera ku Baltimore. Inu munali mutapita kochapa zovala, ndipo sindinadikire, ndinaopa kukuikani pa mpanipani. Anandiveka chophimba kukamwa ndi mkanjo wa pepala. Nditalowa sindinamuzindikire, Amayi. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa chipinda. Iye n'kuti, "Achimwene, tsitsi limenelo anakumetani ndani? Kapena munagwera m'makina odulira udzu?" Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo sinasiye.

Kansalu kake kopukutira mphuno kanagwa pansi. Ndinatola n'kumupatsira, osaganiza. Anangoyang'ana dzanja langa, lake lili pachifuwa. Ndinakaika pabedi, ndiye anakatenga. Ndinati, "Salome, zoona? Pano?" Iye amvekere, "Inu munasiya lonjezo lanu, ine langa ndikadali nalo. Musandikwiyire. Ndikudikira a Bishopu."

Sindinamukwiyire. Koma ndikufunsa inu. Adokotala andilongosolera zonse: adzandigoneka ndi mankhwala, adzaboola fupa la m'chiuno kumbuyoku, ndipo kwa sabata ndidzayenda ngati nkhalamba. Ndavomera. Abwana andimasula kuti tsiku lililonse ndikhoza kunyamuka. Chikwama chili kale m'galimoto. Nanga chikuchedwetsa n'chiyani? Kuchoka kwathu kupita kwa a Yost ndi mphindi makumi awiri pa ngolo, kavalo wake akhale waulesi.

Mundiuze mmene wadzukira. Ngakhale mizere iwiri.

Mwana wanu,
Iddo

Belleville, 25 Seputembala

Fronie,

Moni. Muli bwanji, nanga mwana? Kuno nkhokwe inadzaza bwino. Kwayamba kuzizira m'mawa.

A Bishopu ndinayankhula nawo. Nkhani ngati iyi sinachitikepo m'chigwa chino, ndipo siyofuna phuma. Tidikire pang'ono.

Ine ndaganiza izi. Mgonero wa Ambuye uli pa 14 Okutobala. Wodulidwa akabwera n'kugwada pamaso pa mpingo, n'kulapa, a Bishopu amamugwira dzanja n'kumudzutsa, basi nkhani yatha. Zikatero palibenso chofunsa munthu. Salome adzalandira kwa m'bale wake wa mumpingo, mtima uli m'malo. Ngati mnyamatayo amamukondadi mlongo wake monga mukunenera, kugwada kungamuvute? Chovuta n'chiti, kubooledwa fupa kapena kupinda bondo?

Fronie, inu mukudziwa kuti sindine munthu wa mawu ambiri. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikupempha Mulungu kuti apeze chingwe chomukokera mwana ameneyu kwawo. Ndikamakama ng'ombe ndimapempha, ndikamalima ndimapempha. Mwina chingwe chake n'chimenechi. Tikhoza kupulumutsa ana awiri m'malo mwa mmodzi. Ndi masabata atatu okha.

Mumuuze mnyamatayo zimenezi. Kwa inu amamva.

Urie

Baltimore, 2 Okutobala

Ababa okondedwa,

Moni kuchokera ku chipinda cha nambala 12, kumene munthu sakama, sachapa, sasesa, koma amatopa kuposa wodula chimanga. Muli bwanji? Kamwana ka ng'ombe kaja mwakapatsa dzina? Musakatche dzina la munthu wa mumpingo ngati muja munachitira chaka chatha, azimayi sanakukhululukirenibe.

Zojambula za ana asukulu zinafika. Sandilola kuzigwira, akuti pepala lochokera kumudzi limabwera ndi fumbi la m'khola. Amayi anazimata kunja kwa galasi la chitseko, zikuyang'ana mkati. Mukawauze a giredi 3 kuti ndaona mmene akulembera, ndipo ndikubwera.

Mayi wa chipinda choyandikana nane watuluka dzulo. Anali m'kafukufuku yemweyu, ndipo amene anamupatsa mafuta a m'mafupa ndi mwana wake wamwamuna. Podutsa anandibayibitsa, masaya ali ofiira. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako ndinadziyang'ana pa galasi la kubafa, n'kuona Azakhali a Leah mmene analili m'bokosi muja. Milomo yomweyo. Ndawauza Amayi kuti epuloni yanga yoyera yodzandiveka pa maliro ili m'sutikesi ya pansi pa bedi, yosita kale, kuti asadzavutike kufunafuna. Anandikalipira kwambiri, ndiye inu musandikalipirenso.

Ababa, ndikuopa. Ndanena.

Kalata yanu Amayi anaiwerenga chamumtima, koma milomo yawo imayenda, ndipo ine ndine mphunzitsi. Chonde musawakoke Achimwene pogwiritsa ntchito ine. Sindikufuna kukhala chingwe. Ine ndikungofuna kumva chinthu chimodzi: a Bishopu akuti ndilandire kapena ayi? Akati ayi, ndidzamvera, ndipo Mulungu adzandithandiza kumvera. Akati inde, ndisaina ndisanamalize n'komwe kuwerenga kalatayo. Kudikiraku n'kumene kukundidya.

Mwana wanu,
Salome

Wooster, 8 Okutobala

Abambo,

Sindikudziwa ngati mutsegula kalatayi. Moni. Ndikhulupirira muli bwino.

Amayi andiuza mtengo wake. Chabwino, ndamva. Lamlungu pa 14 ndibwera. Ndipeza chipewa ndi malaya akuda, galimoto ndiisiya kutali kuti isakuchititseni manyazi. Ndidzagwada pamene mudzandilozere. A Yost akadzafunsa ngati ndikuvomera kuti ndinachimwira Mulungu ndi mpingo, ndidzati inde. Akadzafunsa ngati ndikulonjeza kukhala m'malamulo mpaka imfa, ndidzati inde. Ndikhozanso kulira, ngati kulirako kukufunika.

Koma inu nokha mudziwiretu, kuti musadzati ndinakupusitsani: lidzakhala bodza. Mawu aliwonse. Sindikhulupirira kuti ndinachimwa pochoka. Ndidzanama nditagwada, pamaso pa Mulungu wanu, ndidzadya mkate wa Mgonero ndi pakamwa pabodza, ndipo Salome akadzangotuluka m'chipatala ndidzachokanso. Inu munandiphunzitsa zimene zimamuchitikira munthu wotero. Ngati n'zoona, ndiye kuti mwandigula ndi moyo wa mlongo wanga n'kundiponya kumoto nokha.

Ndinamuona Loweruka. Miyendo yake yadzaza timadontho tofiira. Inu munamuona liti?

Ngati ndi zimene mukufuna, musayankhe. Tionana Lamlungu.

Iddo

Belleville, 11 Okutobala

Fronie,

Moni. Ndaimba foni kuchokera kwa a Ritchey oyandikana nafe, ndipo namwino walemba uthenga. Ndikulembanso kuti mukhale ndi pepala.

A Bishopu alola. Salome asaine. Iddo asabwere Lamlungu, ndanena asabwere. Apite ku Baltimore.

Mundidziwitse tsiku.

Urie

Baltimore, 17 Okutobala

Urie mwamuna wanga,

Moni. Ana ali bwanji? Ine mutu waima.

Uthenga wanu unafika Lachinayi madzulo. Lachisanu m'mawa Salome anasaina ndi chimwemwe, mpaka anawafunsa adokotala ngati akufuna asaine kawiri. Anakonza zoti Lolemba ayambe mankhwala okonzekeretsa thupi.

Loweruka masana thupi linatentha. Anayamba kutsokomola. Amujambula, ndipo akuti m'mapapo mwamera chuku, chonga chija chimamera pa buledi. Munthu wa asilikali ake amachipuma tsiku ndi tsiku osadziwa n'komwe. Malamulo a kafukufuku salola kuyamba chukucho chisanagonje, chifukwa mankhwala okonzekeretsa aja amapha ngakhale kachitetezo kochepa kamene katsala. Ndiye tadikiranso, masabata atatu kapena anayi.

Ndinawafunsa Dokotala Narang kuti, "Tikanayamba mwezi watha?" Mayi wolongolola uja anangondigwira phewa osanena kanthu. Abale inu, bola akanayankhula.

Sindikuwadandaula a Bishopu. Nkhani inali yolemera, anayenera kuiganizira. Koma mtima wanga ukuwawa, ndipo ndikamapemphera dzina lawo limandikakamira pakhosi. Mundipempherere pa chimenechi.

Fronie

Baltimore, 15 Novembala

Urie,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino.

Zachitika dzulo. Iddo anamutenga m'mawa kukamuchotsa mafuta a m'mafupa. Itakwana 1 koloko namwino wina dzina lake Tamika analowa atanyamula thumba ndi manja awiri, ngati wanyamula khanda. Ndinkayembekeza chinthu chodabwitsa, koma ndi thumba chabe, lofiira moderako. Analikoloweka pa chitsulo, n'kulumikiza kachingwe, basi. Linatenga maola anayi. Salome ankangoyang'ana madontho akutsika. Kenako anati, "Achimwene awa, kulowa m'nyumba ya eni osagogoda n'komwe." Tamika anaseka mpaka anakhala pansi.

Madzulo Iddo anabwera akukoka miyendo, atagwira m'chiuno ngati agogo ake. Anakhala pampando wa pakona. Iye anagona pampandopo, uyu anagona pabedi, ine pakati ndikuwayang'ana. Akuti timbewu timatenga masabata awiri kapena atatu kuti timere. Chuku chinachepa koma sichinathe, ndipo akutsokomolabe. Tsitsi lonse lathothoka. Kansalu ka kumutu sikakhalanso, kamangotsetsereka.

Tsopano ndili ndi funso.

Lachiwiri kunabwera azimayi a kwathu pa galimoto ya dalaivala, kudzationa. A Keturah, akazi a a Bishopu, analipo. Tinakhala m'chipinda chodikirira tikudya zimene anabweretsa. Ine, pofuna kuchotsa kanthu kaja kanali pakhosi, ndinati, "Mukawathokoze a Yost, ndikudziwa kuti sinali nkhani yapafupi." A Keturah anandiyang'ana modabwa. Amvekere, "Yapafupi bwanji? Anamuyankha Urie tsiku lodzaza nkhokwe lija, asanamasule n'komwe akavalo. Anati chimenechi n'chofunsa? Thumba likadutsa m'manja mwa namwino ladutsa, ndipo ngakhale likanapanda kudutsa, mwana achire. Ife kumudzi timangodabwa kuti achipatala akuchedweranji."

Ndinameza chimene chinali m'kamwa. Ndinati inde, achipatala amachedwa.

Nkhokwe munadzaza pa 14 Seputembala. Foni munaimba pa 11 Okutobala. Ndawerenga pa kalendala ya pakhoma apa, ndabwerezanso, ndabwerezanso. Masiku 27.

Salome sindinamuuze. Iddo sindinamuuze, ndikuopa chimene angachite. Zaka makumi atatu ndakhala nanu, simunandinamizepo ngakhale pa dzira limodzi. Ndiye ndiuzeni kuti a Keturah asokoneza masiku. Lembani mzere umodzi wokha, ndidzakukhulupirirani.

Fronie

Belleville, 18 Disembala

Iddo mwana wanga,

Moni. Unafika bwino ku Ohio? M'chiuno mwapola? Kuno kwagwa chipale chofewa chofika m'mawondo.

Aka n'koyamba kukulembera chichokere iwe pakhomo pano. Uwerenge mpaka kumapeto, kenako uchite nayo zimene ukufuna.

Pa maliro a mlongo wako ndinakuona. Unaima kumbuyo kwa onse, kunja kwa mzere wa amuna, chipewa chobwereka chili m'manja. Pa chakudya anakuikira mbale m'chipinda chochapira. Ndinadutsa pakhomopo kawiri. Sindinalowe.

Dzulo kwabwera kalata ya anthu a kafukufuku. Amayi ako anaiwerenga n'kuisiya pa tebulo, osandiuza kanthu. Masiku ano sandiuza kanthu kupatula za chakudya ndi za ana. Akuti magazi amene anamutenga pa 5 Disembala, kutatsala masiku atatu kuti atisiye, anawayeza. Onse anali ako. Zana pa zana. Timbewu tinamera, asilikali anali atayamba kubwera. Pansi pake Dokotala Narang analemba ndi dzanja kuti mbali yako inayenda bwino lomwe, koma chuku chinali chitadya kale mtsempha wa m'mapapo, ndipo asilikaliwo anafika nkhondo itatha. Ndinaganiza kuti uyenera kudziwa. Amene tinamuika m'manda a mpingo uja, mkati mwa mpanda, magazi ake anali a iwe.

Tsopano china. A Bishopu Yost sanachedwe. Anandiyankha pa 14 Seputembala, pomwepo, ataimirira pambali pa ngolo. Anati inde. Anatinso ndithamange kukaimba foni. Ine ndinasunga yankholo masiku 27. Ndinawalembera amayi ako kuti tidikire. A Yost akandifunsa pa mapemphero ndinkati achipatala akukonza. Ndinkafuna iwe. Ndinaona kuti Mulungu wandipatsa mpata wokubweza, ndipo ndinati masabata atatu si kanthu, mwanayo ndi wolimba, wakhala akudwala kuyambira Julayi. Salome anandilembera kuti akuopa. Kalatayo ndinaiwerenga m'khola n'kuiika m'thumba limodzi ndi yankho lija. Chimene chinanditsegula pakamwa si mantha ake ayi. Ndi kalata yako. Ndinaopa kuti unama utagwada. Ngakhale pamenepo ndinkaganiza za iwe, osati za iye.

Amayi ako anandifunsa m'kalata ngati zili zoona. Sindinawayankhe. Anamva yankho lake.

Atandiitana ku Baltimore pa 6 ndinapita ndi mawu okonzakonza oti ndikamuuze. Iwe unali utatuluka kukagula khofi. Ndinakhala pambali pa bedi. Anatsegula maso n'kuti, "Ababa, mukawathokoze a Bishopu. Ndikudziwa kuti anavutika nayo nkhani yanga." Ndinagwedeza mutu kuvomera. Iddo, ndinagwedeza mutu. Mawu amenewo ndimawamva ndikamakama, ndikamadula nkhuni, ndikamapemphera pa chakudya, ndi kupuma kwake komwe pakati pa mawuwo.

Lachinayi ndinapita kwa a Yost n'kuwauza zonse. Munthu wamkulu uja analira ngati mwana. Lamlungu likubwerali, pa 23, ndigwada pamaso pa mpingo n'kuulula. Chilango chake ukuchidziwa. Andidula kwa masabata asanu ndi limodzi. Amayi ako sadzalandira kanthu m'manja mwanga, ndipo ndidzadyera kwandekha. N'chochepa. Ndinapempha chochuluka, a Yost anati lamulo silipereka zimene munthu akufuna.

Ndisanachoke ndinawafunsa funso lina, ndipo yankho lake sindilisunga ngakhale tsiku limodzi loposa apa. Ndinafunsa ngati anthu awiri odulidwa angadyere pamodzi. Anaganiza nthawi yaitali. Anati lamulo limaletsa wa mumpingo kudya ndi wodulidwa, koma za odulidwa awiri silinenapo kanthu.

Sindikukuitana kuti udzagwade. Zimenezo ndasiya, ndipo sindidzazitchulanso. Sindikupempha kuti undikhululukire, woyenera kumupempha ndinamugwedezera mutu. Bwera ndi galimoto yako, udzaiimike pakhomo penipeni. Ngati ukubwera kudzandilalatira, bwera, ndidzakhala pansi n'kumva zonse. Ngati subwera, sindidzadabwa.

Masabatawo akutha pa 3 Febuluwale.

Bambo ako,
Urie Kanagy